Kuchoka ku Karonga kukafika ku Likoma pa ndege ndi mtunda wautali bwanji?

Make Tadala (Lachinayi m'mawa)
Abale anga pagulu pano, mwadzuka bwanji nonse. Ndili ndi funso, amene akudziwa andiyankhe msanga chonde. Kuchoka pano pa Karonga kukafika ku Likoma pa ndege ndi makilomita angati, ndipo munthu amakhala m'mwamba nthawi yaitali bwanji? Ndege yake ilipo? Achimwene andiimbira usiku kuti mayi anaterereka pa mwala pochokera kunyanja kotsuka mbale, avulala m'chiuno ndipo sakutha kuimirira. Awagoneka m'chipatala. Ali ndi zaka 78. Ine ndili kuno kuntchito, ndimaphunzitsa ku pulayimale, ndipo bwalo la ndege ndimaliona pafupifupi tsiku lililonse. Kwathunso ku Likoma bwalo lilipo, la phula. Usiku wonse tulo sitinabwere, ndimangoganiza kuti mabwalo awiri alipo, uku limodzi uko limodzi, nanga chondiletsa kukafika lero n'chiyani?

Mnyamata wa Usipa
Pepani kwambiri mayi. Mulungu awagwire dzanja agogo.

Woyang'anira gulu
Pepani Make Tadala. Aphunzitsi a Jogalafe, tabwerani kuno, nkhani ya mtunda ndi yanu. Enanso amene mumadziwa za ndege ndi za sitima musakhale chete.

Aphunzitsi a Jogalafe
Pepani ndi matendawo achemwali. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 250 mukapita molunjika ngati mbalame. Ndikuonetseni mmene ndaupezera kuti musangondikhulupirira pakamwa.

Karonga ili pa madigiri 9.9 kummwera kwa ikweta, Likoma ili pa madigiri pafupifupi 12.1. Digiri imodzi mukamatsika kuchokera kumpoto kupita kummwera ndi makilomita 111, ndiye pamenepa pali makilomita pafupifupi 240. Koma Likoma sili pansi penipeni pa Karonga, yapendekera kum'mawa. Karonga ili pa 33.9, Likoma pa 34.7, kusiyana kwake kumakwana makilomita pafupifupi 90. Mukatenga 240 ndi 90 n'kuwerengera ndi njira ya Pythagoras ija tinkaphunzira ku sekondale, mupeza makilomita 250 ndi kachidutswa pamwamba.

Mukaika rula pa mapu muona kuti mzerewo ukuchoka pa Karonga, ukutsata gombe mpaka cha ku Chilumba, kenako ukulowa m'nyanja. Ruarwe ndi Usisya zitsala kudzanja lamanja, Nkhata Bay nayonso itsala kudzanja lamanja chapatali, Chizumulu mudzaiona pafupi musanafike. Gawo lalikulu la ulendowo ndi pamwamba pa madzi, ndipo ndi dera lomwe nyanja yathu ndi yozama kwambiri, kupitirira mamita 700 cha kumpoto kwa Nkhata Bay.

Make Tadala
Zikomo aphunzitsi. 250 yokha basi? Ndiye kuti ndi pafupi kwambiri kuposa mmene ndimaganizira. Ine ndikamapita kumudzi ndimagona panjira, nthawi zina kawiri.

Wakale wa pa Bwalo la Ndege
Mayi, pepani. Ine ndinagwira ntchito ya zanyengo pa bwalo lina la kumpoto kuno zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzeni zoona zokhazokha ngakhale sizikoma.

Masamu a aphunzitsi ali bwino. Oyendetsa ndege sawerenga makilomita, amawerenga ma nautical mile, imodzi ndi makilomita 1.852, ndiye ulendo wanuwo iwo angati 135 kapena kuposera pang'ono. Kandege kakang'ono ka injini imodzi, konyamula anthu asanu, kamathamanga makilomita 220 mpaka 250 pa ola. Ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi zochepa mwafika. Yokulirapo ngati Cessna Caravan ola silikwana n'komwe.

Vuto ndi lakuti palibe ndege yomwe imayenda pakati pa Karonga ndi Likoma pa ndondomeko yoti munthu akagule tikiti. Zomwe zimatera ku Likoma ndi zing'onozing'ono zonyamula alendo opita kumalo ogona a m'mbali mwa nyanja, ndipo zimachokera ku Lilongwe. Kuti inu muuluke, muyenera kuchita hayala ndege yonse. Ndegeyo sigona pa Karonga. Inyamuka ku Lilongwe yopanda munthu, makilomita pafupifupi 430, kudzakutengani. Ikunyamulani makilomita 250 aja. Ikakutsitsani ibwerera ku Lilongwe yopandanso munthu, makilomita ena pafupifupi 220. Mukaphatikiza ndi makilomita 900, ndipo eni ndege amalipiritsa maola onse omwe injini yalira, kaya mpando uli ndi munthu kaya ayi. Inu mwakhala m'ndege ola limodzi koma mwalipira maola anayi. Mitengo yake amaitchula m'madola.

Palinso nkhani ya mafuta. Mafuta a ndege si a pa filing'i sitesheni, ndipo sapezeka pa bwalo lililonse. Woyendetsa amayenera kuwerengera kuti adzathira kuti, ndipo mafuta akachuluka m'thanki, katundu ndi anthu amachepa. N'chifukwa chake tindege timeneti nthawi zambiri timalola chikwama chofewa cha makilogalamu 15 basi.

Make Tadala
Bambo, mwandimasula. Mtima wanga wagwa koma ndi bwino kudziwa. Ndinali nditayamba kale kuganiza zokakongola ku banki mkhonde.

Mnyamata wa Usipa
Ndalama imeneyo isungeni mayi, idzafunika kuchipatala. Njira yomwe ine ndimayenda ndikamakagula usipa ndi iyi. Mudzuke m'mamawa, mukwere minibasi kapena Sienta pa depoti, musadikire yoti idzaze pang'onopang'ono, funsani yomwe yatsala anthu awiri. Karonga kukafika Mzuzu ndi makilomita 220 ndi kanthu. Pa mapu zikuoneka ngati maola atatu, koma msewu pakati pa Karonga ndi Chiweta uli ndi maenje, ndipo pokwera phiri la Chiweta mukakhala kumbuyo kwa thanka ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam kapena lole ya malasha, mumayenda ngati kamba. Werengerani maola anayi kapena asanu. Mukadutsa Phwezi, Bwengu, Ekwendeni ndiye kuti mwafika. Kuchoka Mzuzu kutsetsereka ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, ola limodzi. Kuchoka pamenepo kuwoloka kupita ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 70 pamadzi. Mukaphatikiza zonse ndi 340 kapena kuchepera pang'ono. Makilomita sakusiyana kwambiri ndi a ndege aja. Chomwe chimadya nthawi ndi kudikira chombo pa Nkhata Bay.

Bambo a Wongani
Bwanji angobwera kuno ku Chilumba adzakwere sitima ya Ilala? Kuchoka pa Karonga ndi makilomita 70 okha, sayenera kukwera Chiweta.

Mlongo wa ku Joni
Bambo a Wongani, kuchilumba ndi kumene akufuna kupitako, angabwereko bwanji asanakwere?

Bambo a Wongani
Ndikunena Chilumba ya doko, ya kuno ku Karonga, kumene Ilala imathera ulendo wake wa kumpoto. Pa ndondomeko yomwe tinazolowera, imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imafika ku Likoma Loweruka, kenako Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe, n'kudzafika kuno. Ikatembenuka imadutsanso momwemo. Vuto lake ndi lakuti mukakwerera kuno mukafika ku Likoma cha Lachiwiri. Ubwino wake ndi wakuti mwakhala pamalo amodzi, simukutsika ndi kukwera ndi katundu, ndipo ngati mwatenga thumba la mpunga wa Kilombero la odwala, palibe kondakitala wokulipiritsani kawiri. Koma muimbe kaye ku ofesi ya sitima mufunse tsiku lenileni, ndondomeko imasintha.

Make Tadala
Lachiwiri ndi kutali bambo. Lero ndi Lachinayi. Masiku asanu mayi ali gone ine osawaona?

Mnyamata wa Usipa
Pa Nkhata Bay pamakhalanso maboti amatabwa onyamula ufa, simenti ndi makireti. Akadzaza amanyamuka. Mukafika mawa masana mwina mungapeze lina.

Agogo a ku Chipyela
Mwana wanga, boti lamatabwa mwezi uno ayi. Ndikukupempha ngati kholo lako. Uno ndi July, mwera uli pachimake. Ine ndinabadwira pachilumbapo, ndakalambira pompo, nyanjayi ndimaidziwa. M'mawa imatha kukhala bata ngati madzi a m'beseni, pofika 10 koloko yasintha. Mwera umachokera kummwera, umayenda nyanja yonse popanda phiri loutchinga, ndiye ukamafika pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu mafunde amakhala atakula. Boti lochoka ku Nkhata Bay limawalandira cha m'mbali ndi kutsogolo, madzi amalowa, anyamata amayamba kukapa ndi zigubu zodula, amayi amayamba nyimbo za m'buku. Ndinakwerapo kamodzi nyengo ngati ino ndili ndi mwana kumsana. Tinafika, koma ufa wonse unali phala, ndipo mwanayo analira mpaka mawu anatha.

Nyanja imeneyi yameza ndi zombo zazikulu zomwe. Vipya inamira mu 1946 cha kufupi ndi Chitimba, mwezi ngati uno womwe, anthu 145 anatsalira m'madzi. Bishopu Chauncy Maples, mmodzi mwa omwe anayambitsa mishoni pa Likoma, anamira mu 1895 mphepo itagubuduza boti lake. Amayi ako akufuna uwafikire wamoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Make Tadala
Ndamva agogo. Sindikwera lamatabwa.

Mlongo wa ku Joni
Nkhani imeneyi imandiwawa mumtima. Ine kwathu ndi ku Chizumulu. Ndikanyamuka ku Johannesburg, makilomita pafupifupi 1,500, maola awiri ndi theka ndatera ku Lilongwe. Kuchoka pamenepo kukafika pakhomo pa mayi anga zimanditengera masiku awiri zikayenda bwino, zikavuta anayi. Bambo anga atamwalira ndinafika ataikidwa kale. Ndinali m'dziko muno tsiku lomwe ankaikidwalo, ndili pa Nkhata Bay, chilumba ndikuchiona chapatali ngati kamtambo. Ndiye ndikamamva kuti ndi ola limodzi pa ndege, mabwalo alipo, phula lilipo, ndimafunsa kuti mabwalowo anamangira ndani? Azungu obwera kudzasambira okha?

Wakale wa pa Bwalo la Ndege
Pepani achemwali, zimenezo n'zowawa. Kale kumpoto kunkabwera ndege za tikiti. Air Malawi inkatera ku Mzuzu ndi ku Karonga. Ndimakumbukira tsiku la ndege mmene tinkakonzekera. M'mawa ndinkapita kukawerenga zipangizo, kutentha, mphamvu ya mphepo, kutalika kwa mitambo, n'kutumiza pa wailesi. Anzanga ankayenda msewu wonse woterapo ndege kuchotsa timiyala ndi kuthamangitsa mbuzi, kuletsa a njinga odutsa chidule. Ana ankadzaza kumpanda. Ndege ikatera, nthawi zina munkatsika anthu anayi okha, kukwera atatu. Ife ogwira ntchito tinali ochuluka kuposa okwera. Kampaniyo inatsekedwa mu 2013, ndipo yomwe inalowa m'malo mwake mu 2014, ya mgwirizano ndi Ethiopian Airlines, inayamba ndi Lilongwe, Blantyre ndi maulendo akunja.

Ndege imafuna anthu odzaza mipando sabata ndi sabata. Boma lonse la Likoma, kuphatikiza Chizumulu, linali ndi anthu pafupifupi 14,500 pa kalembera wa 2018. Mwa amenewo, ndi angati omwe amafuna kupita ku Karonga? Ambiri njira yawo ndi Nkhata Bay ndi Mzuzu, kukagula katundu, kusukulu, kuchipatala. Ndipo amanyamula matumba a nsomba zouma popita, malata ndi ufa pobwera. Zimenezo ndege singanyamule.

Mlongo wa ku Joni
Ndiye chifukwa ndife ochepa tizingofa ndi mtunda? Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa anaumanga, makilomita 101, anthu anasiya kugona panjira. Palibe ananena kuti a ku Chitipa ndi ochepa. Ife msewu wathu ndi nyanja ndi mlengalenga. Boma liikepo ndalama ngati mmene limaikira pa phula.

Aphunzitsi a Jogalafe
Apa ndikugwirizana nanu achemwali. Mayiko ena okhala ndi zilumba amachita zimenezo. Ku Scotland boma limathandizira ndalama ndege zing'onozing'ono zopita kuzilumba za kumpoto chifukwa amaziona ngati basi ya anthu akumeneko. Ku Orkney kuli ulendo wa pakati pa Westray ndi Papa Westray, makilomita osakwana atatu, mphindi ziwiri sizikwana bwinobwino, ndipo ana a sukulu ndi aphunzitsi amakwera. Ilala yathuyi inapangidwanso konko ku Scotland, ku Glasgow, mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951. Zaka zoposa 70 chombo chimodzi chikusenza zilumba ziwiri ndi midzi ya m'gombe yomwe galimoto sifika bwino. Ine ndikanakhala wogawa ndalama ndikanayamba ndi chombo chachiwiri chodalirika, choyenda katatu pa sabata pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba. Ndege ibwere pambuyo, ya odwala.

Bambo a Wongani
Ndege za kumpoto kuno ine zimandiopsa. Taonani zomwe zinachitika ku Chikangawa.

Mnyamata wa Usipa
Imeneyo nkhani yake ndi ina bambo, pali zambiri pamenepo.

Woyang'anira gulu
Abale, ngozi ya pa 10 June 2024 inatipweteka tonse, tinataya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Koma tisaitsegule pano, mnzathu ali ndi matenda ndipo akufuna thandizo lero. Amene akufuna kukambirana zimenezo ayambitse mutu wake.

Wakale wa pa Bwalo la Ndege
Ndamva a woyang'anira. Ndingonena mbali ya nyengo yokha chifukwa ikukhudza funso la mayiwa. Miyezi ya June ndi July mapiri a Viphya ndi Nyika amavala chifunga ndi mitambo yotsika, nthawi zina tsiku lonse. Mwera ukamawoloka nyanja umatenga chinyezi, ukagunda mapiri umakwera n'kusanduka mitambo. Mzuzu ili pamwamba, mamita oposa 1,200, pomwe nyanja ili pa mamita osakwana 500. Ndiye zimatheka ku Likoma kuli dzuwa, ku Karonga kuli dzuwa, koma ku Mzuzu sukuona mtengo uli patsogolo pako. Tindege ting'onoting'ono timayenda woyendetsa akuona pansi, ndipo pamabwalo ang'onoang'ono timatera masana okha. Ngakhale mutakhala ndi madola m'thumba, woyendetsa wanzeru akhoza kukuuzani kuti lero ayi, tidikire mawa. Ola limodzi lija limakhalapo nyengo ikalola.

Anamwino
Pepani ndachedwa kulowa, ndinali pa ntchito ya usiku. Make Tadala, ndawerenga zonse ndipo ndili ndi funso lomwe palibe wafunsa. Kodi adokotala anena kuti mayi awathandizira komweko kapena awatumiza kumtunda?

Ndikufunsa chifukwa munthu wa zaka 78 akagwa n'kulephera kuimirira, kawirikawiri limakhala fupa la m'chiuno lomwe lathyoka, pamwamba pa ntchafu. Afunseni achimwene ayang'ane mwendo wovulalawo: kodi ukuoneka waufupi kuposa unzake, ndipo phazi lagwera kunja? Ngati zili choncho, chithandizo chake chimafuna madokotala a mafupa, ndipo kumpoto kuno odwala otere amatumizidwa ku Mzuzu Central. Mukhoza kuvutika kuwoloka nyanja, inu mukupita mayi akubwera, n'kusemphana pakati pa madzi. Ndinaziona zikuchitika. Bambo wina anawoloka kukaona mkazi wake, atafika anapeza bedi lili ndi munthu wina, mkaziyo anali atanyamuka dzulo lake, ndipo iye anakhala pachilumba masiku atatu kudikira chobwerera.

Musagule tikiti ina iliyonse musanalankhule ndi amene akuwaona mayi. Achimwene apereke foni kwa namwino wa mu wodi, mufunse mafunso atatu: ajambula? Apeza chiyani? Pali kalata yowatumiza kwina?

Make Tadala
Asisi, izi sindinaziganizire n'komwe. Mutu wanga unali pa ndege basi. Ndikuimba pompano.

Aphunzitsi a Jogalafe
Ngati zili choncho ndiye mtunda wofunika wasintha. Likoma kukafika Mzuzu molunjika ndi makilomita pafupifupi 100. Kandege kaja ndi theka la ola.

Anamwino
Theka la ola limenelo ndi lomwe ife timalilirira aphunzitsi. Mayi woyembekezera amene zavuta, mwana wopsa ndi moto, munthu wothyoka chonchi. Koma kandege ka alendo kalibe malo a machira, mipando imayenera kuchotsedwa, ndipo munthu wothyoka m'chiuno sangapinde mwendo kuti akhale pampando. Pa sitima yaikulu amagona chogona, womuperekeza ali pambali. Ndi pang'onopang'ono koma kwa fupa ndi bwino kuposa boti lothamanga lomwe limadumpha pa funde lililonse.

Agogo a ku Chipyela
Anamwino akunena zoona. Masiku omwe ine ndinkaperekeza odwala, sitima inkaima patali ndi gombe, timaboti take tiwiri n'kumatenga anthu. Wodwala tinkamunyamula pa matiresi amuna anayi, madzi akufika m'chiuno, kumuika m'kaboti, pofika pa sitima kumukweza ndi manja pamwamba pa mitu ya anthu. Aliyense ankapatuka, ngakhale amalonda okangana ankasiya mkangano. Uwauze achimwene ako apeze anyamata amphamvu a kumpingo, ndipo atenge zitenje zingapo zomangira miyendo yonse iwiri pamodzi ngati achipatala avomereza. Atengenso bulangete, panyanja usiku mwezi uno kumazizira kwambiri.

Make Tadala (Lachinayi madzulo)
Abale, ndalankhula ndi namwino. Ndi momwe asisi ananenera, mwendo wafupika ndipo phazi lagwera kunja. Akuti fupa lathyoka ndipo kalata yopita ku Mzuzu yalembedwa kale. Akudikira sitima ya Loweruka. Achimwene sanandiuze usiku uja chifukwa ankaopa kuti ndikomoka. Ndikanapanda kufunsa pano bwenzi mawa ndili pa Nkhata Bay kufunafuna boti lowolokera.

Mlongo wa ku Joni
Mulungu ndi wabwino. Ndiye mupite mukawadikirire pa Nkhata Bay.

Mnyamata wa Usipa
Nyamukani mawa lomwe mayi, musadikire Loweruka. Chiweta sadalirika, lole imodzi ikagona pakona msewu wonse umaima. Mukagone ku Mzuzu, Loweruka mutsetsereke masana. Sitima ikachoka ku Likoma imaima kaye pa Chizumulu, ndipo kukweza matumba a nsomba kumatenga nthawi, ndiye pa Nkhata Bay imafika usiku kwambiri kapena m'bandakucha. Muvale juzi. Ine ndidzakhala komweko kudikira katundu wanga, ndikutumizirani nambala kumbali kuti tidzapezane.

Anamwino
Mufunsenso ngati achipatala akonza ambulansi yodzawatenga pa doko. Ngati palibe, mupeze galimoto yoti mipando yakumbuyo igone, asawakhazike. Mutenge buku lawo lachipatala ndi kalata ija, zikhale m'pepala la pulasitiki. Ku Mzuzu mudzafunika beseni, ndowa, mbale, kapu, sopo ndi zitenje zambiri. Munthu wogona nthawi yaitali amatuluka zilonda kumsana ndi m'matako, ndiye mufunse anamwino akuonetseni kawatembenuzidwe kosapweteka mwendo. Muziwapatsa madzi pafupipafupi ngakhale akane chifukwa choopa kukodza.

Bambo a Wongani
Minibasi ikaima pa Uliwa mundiimbire, ndikupatsirani kathumba ka mpunga ka phala la agogo.

Wakale wa pa Bwalo la Ndege
Ndaona zanyengo za kumapeto kwa sabata, mwera ulipo ndithu. Sitima yaikulu imapirira, koma ikachedwa musade nkhawa, kapitawo amatha kudikira mphepo itsike. Imayenda makilomita osapitirira 18 pa ola, ndiye makilomita 70 aja ndi maola anayi osawerengera poima.

Make Tadala
Zikomo nonse. Ahedi andipatsa chilolezo, mnzanga wavomera kunditengera kalasi. Tadala ndimusiya kwa aneba. Ndinyamuka 5 koloko m'mawa.

Make Tadala (Lachisanu madzulo)
Ndafika ku Mzuzu. Tinachoka 6 koloko, tafika 12 itadutsa. Bambo a Wongani, mpunga ndalandira, Mulungu akudalitseni. Pokwera Chiweta ndinayang'ana kumbuyo, nyanja yonse ili yoyera ndi mafunde mpaka kutsidya. Ndinakumbuka mawu a agogo. Kuno kukuzizira ndipo chifunga chatsika kale, magalimoto ayatsa nyali dzuwa lisanalowe.

Agogo a ku Chipyela (Loweruka)
Ndinapita kukawaona amayi ako m'mawa uno. Akulankhula bwino, adya phala, akufunsa za Tadala. Anyamata a kwaya awanyamula bwinobwino, achimwene ako ndi mlamu wako akwera nawo. Sitima yanyamuka, ndaiona ndi maso anga ikukhota kuloza ku Chizumulu.

Woyang'anira gulu
Make Tadala, mutidziwitse akafika, kaya ndi nthawi yanji.

Make Tadala (Lamulungu m'mawa)
Afika. Tinakhala pa doko kuyambira 8 koloko usiku, ine ndi mnyamata wa usipa uja ndi amayi ena ogulitsa tiyi omwe anandipatsa mpando pafupi ndi mbaula. Cha m'ma 2 koloko tinaona nyali zikutuluka mumdima, kenako hutala inalira. Anthu anayamba kutsika ndi matumba, ine maso ali pakhomo. Mayi anatsika pomalizira, pa matiresi, atafundidwa bulangete mpaka m'khosi, nkhope yokha ikuoneka. Nditawagwira dzanja anati, "Wabwera ndi ndani? Mwana wamusiyira ndani?" Zala zawo zinali zozizira ngati mwala, ndinazipaka mpaka zinafunda.

Ambulansi inalipo. Panopa tili mu wodi ku Mzuzu, awajambulanso ndipo mwendo aukoka ndi cholemera pomwe tikudikira adokotala a mafupa mawa. Achimwene akugona pa benchi panja, sanagone masiku atatu. Asisi anamwino, andionetsa kale kawatembenuzidwe. Ngati pali wina pagulu pano wokhala ku Mzuzu amene angandibwereke fulasiki ndi kambaula kakang'ono kwa masiku angapo, andilembere kumbali.

Mlongo wa ku Joni
Mng'ono wanga amakhala ku Chibavi, ndamuuza kale. Abwera nazo 4 koloko, nthawi yoona odwala.